M'chipinda chozizira momwe makompyuta amasamuka osazima

Kuseri kwa nyumba ina yansanjika mumzinda wa Blantyre, komwe makasitomala safikako, kuli bwalo la simenti lotchingidwa ndi mpanda wa waya, ndipo chimene chimayamba kukulonjera kumeneko ndi fungo la dizilo. Kampani ya m'nyumbayi imayendetsa ndalama za anthu: malipiro a pamwezi, ngongole, ndi timauthenga tija timalira pafoni kuti ndalama yalowa. Anandilola kuona chipinda chawo cha maseva nditalonjeza kuti sinditchula dzina lawo ndipo sindijambula kanthu. Foni yanga inatsala kwa alonda pageti, ine nditalemba m'buku dzina langa, nthawi ndi chimene ndadzera.

Wondiyendetsa anali mayi wina, injiniya amene makina onse a m'nyumbamo ali m'manja mwawo. Anatulukira atanyamula laputopu, mulu wa makiyi ndi majekete awiri, pomwe kunja dzuwa la Okutobala linali litalusa.

"Iyi ndi yanu, achimwene," anatero pondipatsa jekete imodzi. "Muifuna posachedwapa."

Tinayambira pa majenereta awiri okhala pa maziko a konkire, thanki ya dizilo ili pambali ndi loko wamkulu pachivundikiro. Onse anali chete poti magetsi a ESCOM analipo. Anandiuza kuti ndikhudze chitsulo cha injini. Chinali chofunda. Mkatimo muli kachipangizo kotenthetsa madzi a injini usana ndi usiku, kuti magetsi akangothima ilire pompo, isayambe yatsokomola. Majeneretawa anakhetsa thukuta mu 2022. Mu Januwale chaka chimenecho namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panatha chaka ndi miyezi siteshoniyo isanayambenso kupanga magetsi. Nthawi imeneyo mayiwa akadzuka m'mawa ankayamba afunsa kuti m'thanki mwatsala malita angati, za makompyuta zikubwera pambuyo.

Titalowa khomo lakumbuyo n'kutsika masitepe ochepa tinafika m'kachipinda ka mabatire. Anandandalikidwa pa mashelefu achitsulo, otuwa, olumikizidwa ndi nthambo zonenepa, ndipo kabati ya UPS inali kung'ung'udza pakona. Munkamveka kafungo ka pulasitiki yofunda. Ntchito ya mabatirewa ndi ya mphindi zochepa chabe, kugwirizira pakati pa kuthima kwa magetsi ndi kudzuka kwa jenereta, chifukwa seva ikaphonya magetsi ngakhale kwa kuphethira kwa diso imazima ndi zonse zimene inali kuchita. Pa batire iliyonse panali kapepala ka tsiku limene inaikidwa. Mabatire amtunduwu amatha zaka zitatu kapena zisanu, ndipo kutentha kumawakalambitsa msanga.

Khomo lotsatira linali lachitsulo, lopanda chogwirira chakunja. Mayiwo anadinda chala pa kagalasi, loko n'kulira kuti khwa. Ndinaponda kamphasa komata kochotsa fumbi kunsapato, chitseko n'kutseguka.

Kuzizira kunandimenya kumaso. Phokoso nalo.

Mafani mazanamazana ankalira pamodzi kuti waa, mosapumira, mwakuti kuti timvane tinkachita kuyandikizana mitu. Mphepo imachokera pansi, kudzera m'matailosi azibowo, chifukwa pansi pa chipindachi mpokwezedwa ndipo kunsi kwake kumayenda mpweya wozizira ndi nthambo zamagetsi. Inalowa m'miyendo ya thalauza, ine n'kumanga zipi ya jekete mpaka m'khosi. Kachipangizo kapakhoma kankaonetsa madigiri 21. Bungwe la akatswiri a zoziziritsa la ASHRAE, la ku America, limalangiza kuti mpweya wolowa m'makina otere ukhale pakati pa madigiri 18 ndi 27. Pakona panaima masilinda ofiira a mpweya wozimitsira moto, poti madzi m'chipinda chino akhoza kuononga kuposa motowo, ndipo pamwamba pake panali chikwangwani cholamula kuti belu likalira aliyense atuluke msanga.

Chipinda chenichenicho n'chaching'ono, mapazi khumi ndi angapo m'litali. Makabati akuda, otalika pafupifupi mamita awiri, anaima mizere iwiri moyang'anizana. Kabati iliyonse ili ndi mipata 42 yolowetsamo makina, mpata uliwonse mamilimita 44.45, muyezo umodzimodzi padziko lonse. Ndinkayembekezera kuona makina atathithikana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Mayiwo anatsegula kabati yoyamba.

Munali mbee.

Yachiwiri chimodzimodzi, mipata yake itatsekedwa ndi timapulasitiki takuda kuti mpweya wotentha usabwerere kutsogolo. Eni malowo ndinawapeza pakona, atasanjikizidwa pa thabwa: maseva akale, aliyense ndi kapepala kolembedwa ndi peni. Wina wa imelo, wina wa malipiro, wina wa mafayilo a antchito, wina wa pulogalamu ya ngongole. Kale ntchito iliyonse inkapatsidwa seva yakeyake, kuopa kuti mapulogalamu angapondane, ndipo chotsatira chake chinali chipinda chodzaza makina odya magetsi tsiku lonse koma akugwiritsa ntchito kachigawo kochepa ka mphamvu zawo. Ntchito yatsopano ikabwera ankaitanitsa seva ina kunja, n'kudikira miyezi.

Mu kabati yachitatu munali maseva 6, athyathyathya, timagetsi tobiriwira tikuphethira kutsogolo kwake.

"Kampani yonse ndi imeneyi," anakuwa mayiwo pafupi ndi khutu langa. "Muli makompyuta oposa 100 mmenemu."

Anaika laputopu pa kangolo n'kundionetsa mndandanda wautali wa mayina, ena ofanana ndi aja ndinawerenga pa timapepala pakona paja. Lililonse ndi kompyuta yathunthu, ina ya Windows ina ya Linux, yokhala ndi purosesa, RAM ndi disiki yake, koma yopanda thupi. Iwo amangoti ma VM. Pa seva yeniyeni pamakhala pulogalamu yotchedwa hypervisor imene imagawira VM iliyonse nthawi ya purosesa, RAM ndi njira ya netiweki, n'kuitchinga kuti isaone za inzake. VM ina ikasokonekera, zinzake sizimva n'komwe. Zili ngati nyumba ya lendi yomwe landilodi amagawa zipinda ndi madzi, aliyense ali ndi kiyi wakewake, koma katundu wa ochita lendi onse akusungidwa kwina, mwakuti munthu akafuna kusamukira nyumba yoyandikana nayo amangonyamuka chimanjamanja.

Nzeruyi si yadzulo. Kampani ya IBM inali kale ikugawa makina ake akuluakulu mwanjira imeneyi kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo mu 1972 inatulutsa VM/370. Amene anaibweretsa pa maseva wamba ndi VMware, kampani yomwe inayambika mu 1998 ku Palo Alto ku California, mwa oyambitsa ake muli Diane Greene ndi Mendel Rosenblum. Hypervisor yawo ya maseva inatuluka mu 2001. Pambuyo pake panabwera Xen ya ku yunivesite ya Cambridge mu 2003, KVM yomwe inalowa mu Linux mu 2007, ndi Hyper-V ya Microsoft mu 2008. Maseva 6 amene ndinaima patsogolo pawo ankayendera VMware.

Ndinawerama kuti ndione bwino kutsogolo kwa seva imodzi. Mipata yolowetsa madisiki inalipo yambiri, koma yonse inali yotsekedwa ndi zivundikiro zopanda kanthu. Mayiwo anati mkati muli timadisiki tiwiri tokha tongodzutsira hypervisor. Za makasitomala mulibemo ngakhale dzina limodzi.

Asanandionetse kumene zimakhala, anati ndione kaye chimene chimatheka chifukwa cha zimenezi. Anasankha VM ina yoyeserera yomwe inali pa seva yachiwiri, natsegula kawindo kakuda kamene kankaitumizira uthenga sekondi iliyonse, iyo n'kumayankha. Mizere ya mayankho inali kutsika umodziumodzi. Kenaka anailamula kuti isamukire pa seva yachisanu. Kamzere kosonyeza ntchito kanayamba kuyenda. Chimene chinkachitika n'chakuti zonse za mu RAM ya VM ija zinkakoperedwa kudzera pa netiweki iyo ikugwirabe ntchito, ndipo zimene zasintha pokopera zinkakoperedwanso, mobwerezabwereza, mpaka zotsala zitachepa kwambiri moti ikhoza kuimitsidwa kwa kanthawi kosakwana sekondi n'kudzukira kwinako. Maso anga anali pa kawindo kakuda kaja. Yankho limodzi linachedwa pang'ono. Basi. Dzina lija linali litaoneka pansi pa seva yachisanu.

VMware inatulutsa luso limeneli mu 2003 ndi dzina loti vMotion. Ndi limene limalola mayiwa kuzimitsa seva masana Lachitatu, kuisintha RAM kapena fani, popanda wa ku kauntala kudziwa. Seva ikafa mwadzidzidzi nkhani imasiyana pang'ono: ma VM ake amazima, n'kudzutsidwa okha pa maseva otsalawo patapita mphindi zingapo. N'chifukwa chake saadzaza onse 6 mpaka pakamwa. Amasiya malo okwanira kulandira katundu wa imodzi itafa.

Tinazungulira kuseri kwa makabati. Kumeneko kunali dziko lina: mpweya wotentha wochokera m'maseva unkawomba kumaso, wouma, ndipo posakhalitsa thukuta linayamba kuyenderera mkati mwa jekete ija. Nthambo zinatsika m'mbali mwa kabati zitamangidwa m'mitolo yaudongo, iliyonse ndi kapepala ka nambala kumapeto onse awiri. Zamagetsi zinali zofiira kumanzere ndi zabuluu kumanja, zochokera ku magwero awiri osiyana. Pakati pake pankadutsa tinthambo topyapyala tobiriwira motuwa, ta faiba. Nditatambasula dzanja mayiwo anandigwira pamkono.

"Pepani achimwene, izi sitikhudza. Ndipo mukaona yosolola musasuzumire kumapeto kwake. Kuwala kwake sikuoneka koma kumaononga diso."

Kuchokera pa seva iliyonse pankatuluka tinthambo tiwiri totere, kena kupita ku switch yolembedwa A, kena ku yolembedwa B. Iyi ndi netiweki yapadera, ya Fibre Channel, yomwe simudutsa imelo kapena intaneti. Ntchito yake ndi imodzi, kulumikiza maseva ndi storage, makina osungira deta, pa liwiro la magigabiti 32 pa sekondi. Ma switch awiriwa salumikizana dala, kuti wina akalakwitsa pokonza A, B isadziwe kanthu. Khomo lililonse la seva lili ndi nambala yake ya zilembo 16 yosafanana ndi ina iliyonse padziko, ndipo mu switch mumalembedwa kuti nambala yakuti iloledwe kulankhula ndi yakuti yokha. Pa laputopu anandionetsa kuti seva iliyonse imaona storage kudzera njira zinayi. Imodzi ikaduka hypervisor imangokhotera kwina. Makampani ang'onoang'ono amachita zomwezi pa netiweki wamba pogwiritsa ntchito iSCSI kapena NFS, zomwe n'zotsikirapo mtengo poti safunika kugula ma switch apadera.

Tinatsatira tinthamboto mpaka ku kabati yachinayi. Apa mayiwo anatsegula ndi kiyi wina, wosiyana ndi wa makabati enawo.

Storage ija inali mashelefu atatu, lililonse ndi madisiki 24 oimikidwa chilili mothithikana, timagetsi tawo tikuthwanima mosaleza. Chilichonse mmenemu chili pawiri: makompyuta awiri oyendetsa madisiki, magwero awiri a magetsi, makomo a ku A ndi a ku B. Ma VM onse aja, kunena zoona, ndi mafayilo okhala muno. Storage imadula malo ake m'zigawo, n'kuzipereka kwa maseva onse 6 nthawi imodzi, ndipo hypervisor ili ndi dongosolo lake la maloko loonetsetsa kuti maseva awiri asalembe mu fayilo imodzi. Ndi chifukwa chake VM ija inasamuka mwamsanga chotero: disiki yake sinasunthe.

Ndinagwada kuti ndione shelefu lapansi, mawondo akumva kuzizira kwa matailosi. Pakati pa timagetsi tobiriwira panali kamodzi kachikasu.

Disiki yafa.

Mayiwo sanatekeseke. Inafa sabata yathayo usiku, makinawo n'kuwatumizira uthenga pafoni, disiki yodikirira n'kulowa m'malo mwake yokha. Deta imamwazidwa pa madisiki ambiri pamodzi ndi masamu owonjezera, moti ya disiki yakufa imawerengedwanso kuchokera ku zinzake. Njirayi ndi RAID, dzina lomwe linatchuka ndi pepala la akatswiri atatu a ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 1988. Mtundu umene akugwiritsa ntchito pano, RAID 6, umapirira madisiki awiri atafa pagulu limodzi. Chowadetsa nkhawa chinali china. Disiki yolowa m'malo imachokera kunja, mtengo wake umaposa wa laputopu yatsopano, ndipo makinawa salandira disiki ya pa shopu iliyonse koma ya wopanga wake. Kuti mgwirizano wa chithandizo upitirire pamafunika madola, ndipo madola m'dziko muno amachita kudikira pamzere ku banki.

Chimene chinawavutitsapo kwambiri, anatero, sichinali chitsulo. Storage imalola kulonjeza malo ochuluka kuposa amene alipo: VM ikapempha magigabaiti 500 imauzidwa kuti yapatsidwa, koma amadyedwa ndi okhawo amene yalembamo. Zimapulumutsa ndalama zambiri malinga wina akuyang'anira. Tsiku lina munthu wina pokonza pulogalamu anatenga snapshot, chithunzi cha mmene VM ilili kuti zikavuta abwerere, n'kuiwala kuichotsa. Snapshot ikakhalapo, zonse zatsopano zimalembedwa mu fayilo ina yomwe imangokulirakulira. Inakula mwakachetechete kwa masabata mpaka chigawo chonse chinadzaza, usiku wa pa 25, malipiro akukonzedwa. Ma VM onse a pa chigawocho anaima chilili, ngakhale amene sankakhudzidwa ndi nkhaniyo. Palibe chinatayika, koma kunawachera ali m'chipinda chino. Kuyambira pamenepo lipoti la ma snapshot onse limawafikira m'mawa uliwonse.

Anandionetsanso mmene hypervisor ndi storage zimathandizirana. Akafuna kukopera VM yathunthu, seva sichita kuwerenga zonse n'kuzibwezanso kudzera mu tinthambo tija. Imangouza storage kuti ikopere chakuti kupita pakuti, ntchito n'kuthera mkati momwemo. VMware inayambitsa zimenezi mu 2010 ndi dzina loti VAAI, ndipo Microsoft ili ndi yake, ODX, kuyambira pa Windows Server 2012. Koma zimatheka pokhapokha mbali ziwirizi zikudziwana, ndipo n'chifukwa chake asanasinthe pulogalamu ya chipangizo chilichonse amayamba afufuza pa mndandanda wa opanga ngati mtundu wa hypervisor, wa khadi la faiba ndi wa storage zimayendera limodzi. Pa laputopu panali mzere wosonyeza nthawi imene storage ikutenga kuyankha. Unali pansi, osakwana milisekondi imodzi. Kumapeto kwa mwezi umakwera, ndipo ukakwera kwambiri mafoni amayamba kulira kuti netiweki yavuta, pomwe netiweki ilibe mlandu.

Mu kabati yotsatira munali bokosi lalikulu lokhala ndi kawindo. Ndinasuzumira. Kamkono ka makina kanayenda pa njanji, kutola kabokosi kapulasitiki kokwana m'dzanja, n'kukalowetsa m'kamwa mwa chowerengera kuti kwatsa. Matepi. Sindinkaganiza kuti ndingawapeze m'malo otere. Tepi imodzi ya LTO-9 imasunga materabaiti 18, ndipo ikatulutsidwa n'kuikidwa mu sefa palibe mbava ya pa intaneti ingaifikire, ngakhale aja amatseka deta ya kampani n'kumafuna dipo. Snapshot singalowe m'malo mwa zimenezi poti imakhala pa storage yomweyo, ndipo storage ikapita imapita nayo. Lamulo limene amatsatira ndi la makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali.

Kutaliko ndi ku Lilongwe, mtunda wopitirira makilomita 300, komwe kuli storage ina yaing'ono ndi maseva ochepa. Amene anaona matope akutsika m'phiri la Soche nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safunsa chifukwa chake kope lachiwiri lisakhale mu Blantyre momwemo. Ndinafunsa ngati chilichonse cholembedwa pano chimafika ku Lilongwe nthawi yomweyo. Anapukusa mutu. Kuwala mu faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, choncho kupita ndi kubwera kumadya mamilisekondi pafupifupi atatu. Storage yozolowera kuyankha pasanathe milisekondi imodzi ikamadikira Lilongwe pa chilichonse, kampani yonse ingayende mokwawa. Ndiye amatumiza zosintha mphindi 15 zilizonse, ndipo akuluakulu a kampani anasainira kuti tsiku la tsoka akhoza kutaya ntchito ya mphindi 15. Nthambo ya pakati pa mizinda iwiriyi nayo imaduka, pena ndi okumba m'mbali mwa msewu, pena ndi akuba oyesa kuti muli kopa, choncho amalipira makampani awiri odutsa njira zosiyana.

Kabati yomaliza inali ndi maseva atatu ochokera pa mulu wa pakona uja. Awa mipata yawo yakutsogolo inali yodzaza madisiki. Pachitseko panamatidwa pepala loti ndi zoyeserera.

Amenewa ankayendera Proxmox VE, pulogalamu ya kampani ina ya ku Vienna ku Austria, yomwe inatuluka mu 2008 ndipo inamangidwa pa KVM. Aliyense akhoza kuitenga ulere, wofuna chithandizo ndiye amalipira pachaka. Storage yapadera panalibe. Pulogalamu ina, Ceph, imasonkhanitsa madisiki a m'maseva atatuwo kukhala chosungira chimodzi, n'kulemba chilichonse katatu, kope limodzi pa seva iliyonse. Ma switch a Fibre Channel safunikanso, koma malo amadyeka: materabaiti 30 a madisiki amakupatsa 10 ogwiritsa ntchito, ndipo netiweki ya pakati pa masevawo iyenera kukhala yothamanga kwambiri. Chifukwa chimene akuyesera zimenezi anati akandiuza titakhala pansi.

Titatuluka, makutu anali kulirabe ndipo zala zinali zitachita dzanzi. Ofesi yawo ili pamwamba, ya madesiki anayi, sikirini yaikulu pakhoma ndi ketulo pakona. Anandipatsa tiyi wamkaka, n'kutulutsa pepala m'diroo.

Mwezi wa Novembala 2023 unawamenya kawiri. Kumayambiriro kwake Reserve Bank of Malawi inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pa 22 mwezi womwewo kampani ya Broadcom inamaliza kugula VMware pa mtengo wa madola pafupifupi 61 biliyoni, osawerengera ngongole, ndipo mu Disembala inalengeza kuti yasiya kugulitsa laisensi yogula kamodzi n'kukhala yako. Tsopano ndi yolipira pachaka, kuwerengera ma core a m'purosesa, ndipo purosesa iliyonse imawerengedwa kuti ili ndi 16 ngakhale ikhale ndi ochepera. Mayiwo anandilembera samuyo kuseri kwa pepala. Maseva 6, mapurosesa awiri pa iliyonse, ma core 12 pa purosesa: onse pamodzi 144. Olipira ndi 192. Mtengo wake uli m'madola, pomwe kampani imalandira makwacha.

"Nanga bwanji osangosamuka, achemwali?" ndinafunsa.

"Kusamutsa ma VM si vuto," anatero. "Vuto ndi zimene zawazungulira."

Anawerenga pa zala. Storage ya pansi ija inagulidwa modula ndipo idakali ndi zaka zogwira ntchito, koma zina zimene imachita mosavuta ndi VMware zimafuna kukonzedwa mwanjira ina pa hypervisor yatsopano. Pulogalamu yotumiza deta ku matepi iyenera kudziwa kulankhula ndi hypervisor imeneyo. Dongosolo lodzutsa ma VM ku Lilongwe lilembedwenso. Amene anawagulitsa pulogalamu ya ngongole ayenera kuvomereza kuti apitiriza kuwathandiza ikakhala pa KVM. Ndipo anthu anayi a mu ofesi muno, amene aphunzira chinthu chimodzi kwa zaka zambiri, aphunzire china kwinaku akuyang'anira chakale. Hyper-V nayo ili pa mndandanda wawo, poti malaisensi a Windows Server ali nawo kale.

Apa ndi pamene ndinaona kulemera kwa ntchito ya anthuwa. Seva yasanduka chinthu chosinthika, ikafa ina imanyamula. Katundu yense watsamira pa storage, pa tinthambo topita kumeneko, ndi pa anthu odziwa kubweza deta ikatayika. Kampani imene ikusankha hypervisor pongoyang'ana mtengo wa laisensi, osafunsa kuti deta yake ikhala pati ndipo idzabwerera bwanji, ikuika malipiro a aphunzitsi, anamwino ndi alonda pachiswe. Ndipo ndalama zophunzitsira ainjiniya ndi zoyesera kubweza deta ndi zimene zimayamba kudulidwa bajeti ikathina, poti phindu lake silioneka tsiku limene zinthu zili bwino.

Pa desiki la pawindo mnyamata wina anali pa ntchito yomweyo. Anatenga kope la VM ya Windows la mwezi watha kuchokera pa tepi, n'kulibwezera pa maseva atatu oyeserera aja. Tinaima kumbuyo kwake tiyi ali m'manja. Anaiyatsa. Chizindikiro cha Windows chinaoneka, timadontho n'kuzungulira.

Sikirini inasanduka yabuluu.

"Madiraiva a disiki, madamu," anatero osatembenuka. Windows ija inazolowera disiki yongoyerekezera ya VMware, ndipo ya KVM sinaizindikire. Anazimitsa VM, n'kusintha kuti disikiyo izioneka ngati ya SATA wamba, imene Windows iliyonse imaidziwa. Anayatsanso. Ulendo uno inadzuka. Anaikamo madiraiva a VirtIO, kubweza disiki pa njira yothamanga, kukonza nambala ya netiweki yomwe inasokonekera poti khadi nalo linali lachilendo, kenaka n'kutsegula pulogalamu ya malipiro. Mayiwo anatenga lipoti losindikizidwa la mwezi watha, iye akuwerenga pa sikirini, iwo akutsatira ndi chala papepala. Chiwerengero cha antchito chinafanana. Ndalama zonse pamodzi zinafanana mpaka tambala.

Mnyamatayo anatsegula buku lalikulu n'kulemba dzina la VM, nthawi imene yatenga, ndi zinthu zitatu zimene anachita kuti idzuke. Mayiwo anati bukuli ndi limene adzapite nalo kwa akuluakulu a kampani laisensi isanathe, chifukwa sakufuna kukanena kuti n'zotheka kapena n'zosatheka asanayese VM iliyonse payokhapayokha. Pa tsambalo panali mizere 9 yodzazidwa. Anamuuza kuti mawa atenge ya database, yomwe ndi yaikulu kuposa zonse, ndipo ayambe m'mamawa chifukwa kuiwerenga kokha kuchokera pa tepi kutenga theka la tsiku.